Za Kukonda ndi Mtima Wonse

Ana inu, makolo athu anatisiyira mwambi wakuti, "Chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera." Ngati munaonapo munthu alikukwera mumtengo kukasadza nthambi kapena kukafula njuchi, simudzavutika kumva tanthauzo lake. Pokwera, munthuyo aikoleka nkhwangwa paphewa, naisunga bwino kuti ingagwe, pakuti adziwa kuti popanda iyo sadzachita kanthu kumwambako. Koma ntchito ikatha aiponya pansi, osayang'ana ngati igwera pamwala kapena m'matope, natsika yekha wopepuka. Nkhwangwa ija anaikonda pokhapo pamene anaifuna.

Chikondi chotere nchochuluka pakati pa anthu, ndipo ngakhale ana a sukulu achidziwa. Mnyamata wobwera ndi chimanga chokazinga m'thumba sasowa abwenzi. Koma chimanga chikatha, muwerenge amene atsala naye. Chilipo chikondi china choposa ichi, ndicho cha kubwezerana. Akulu amati, "Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako," ndiponso amati, "Kupatsa nkuika." Mau awa ndi oona, ndipo mudzi wosawasunga sukhalitsa. Koma nanga munthu amene alibe mawa, amene sadzakhoza konse kuzima ndevu zathu kapena kutibwezera chimene tinaika, tidzatani naye? Apa ndipo pamene mtima wa munthu uoneka poyera.

Ine nditi chikondi chenicheni ndicho chimene sichileka pamene phindu latha, ndipo sichibisa theka la mtima pambali poopa kutaya. Uku ndiko kukonda ndi mtima wonse. Alipo ena amene amati kutero nkupusa. Tisanawayankhe, tiyeni timve mbiri ya anthu awiri amene anakonda chomwecho, ndiwo Chuma ndi Susi.

Chuma ndi Susi

Chuma anali Myao. Ali mwana anagwidwa ukapolo, ndipo m'chaka cha 1861 anali mmodzi wa akapolo amene Dotolo David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie anawaombola m'mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Atamasulidwa anakhala pa Magomero. Susi anali wamkulupo, wochokera ku Shupanga m'mbali mwa Zambezi, m'dziko la Mozambique, ndipo anayamba ntchito kwa Livingstone monga wotema nkhuni za sitima. M'chaka cha 1864 onse awiri anaoloka nyanja yamchere pamodzi ndi Livingstone m'kasitima kotchedwa Lady Nyassa, kuchokera ku Zanzibar kufikira ku Bombay m'dziko la India. Ndipo kumeneko Chuma analowa sukulu.

M'chaka cha 1866 Livingstone anabweranso ku Africa kudzafunafuna gwero la mtsinje wa Nile, nawatenga onse awiri. Uwu unali ulendo wake wotsiriza, ndipo unatha zaka 7. Paulendowo panali anthu enanso ambiri. Ena anali a ku chisumbu cha Johanna, ndipo mkulu wao anali Musa. Iwowa atafika kumwera kwa Nyanja ya Malawi anamva mbiri yakuti kutsogolo kuli nkhondo, nachita mantha, natula akatundu ao, nabwerera. Tsono pofuna kuti akalandire malipiro ao ku Zanzibar, anapeka bodza lakuti Livingstone waphedwa panjira. Bodzalo linamveka kufikira ku Britain, ndipo silinathe msanga, kufikira E. D. Young anadza kunyanja m'chaka cha 1867, nafunsa anthu a m'midzi, napeza kuti Livingstone anapitirira ali moyo. Kuchiyambi kwa chaka chomwecho amtengatenga ena awiri anathawa m'nkhalango, natenga bokosi la mankhwala, m'mene munali kwinini yense wa malungo. Taonani chikondi cha nkhwangwa. Anthu awa anayenda naye pamene panali nsalu ndi chakudya, namponya pansi pamene njira inayamba kuwawa.

Koma musayese kuti Chuma ndi Susi anabadwa ndi mitima yosiyana ndi yathu. M'chaka cha 1868, ali pafupi ndi nyanja ya Mweru, iwonso anatopa ndi njala, mvula ndi ulendo wosaoneka mapeto ake, nakana kupitirira naye. Ndipo Livingstone anapita ku nyanja ya Bangweulu ndi anthu owerengeka okha. Atabwerako, iwo anabwerera kwa iye, ndipo iye anawalandira osawasungira kanthu kukhosi, pozindikira kuti nayenso anali nazo zolakwa zake. Kuyambira pamenepo sanamsiyenso. Ichi muchisunge bwino, pakuti chitiphunzitsa kuti chikondi cha mtima wonse sichimera tsiku limodzi. Chikula pang'onopang'ono monga mlambe, ndipo kukhululukirana ndiyo mvula yake.

Kwa Chitambo

Kumapeto kwa chaka cha 1871 Henry Stanley anapeza Livingstone ku Ujiji, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, namdandaulira kuti abwerere kwao akapume. Koma iye anakana. Stanley atafika kugombe anamtumizira anthu ena atsopano m'chaka cha 1872, ndipo mmodzi wa iwo anali Jacob Wainwright, mnyamata wodziwa kuwerenga ndi kulemba. Ndi anthu amenewa Livingstone analowa m'madambo a Bangweulu nyengo ya dzinja, madzi atasefukira ponseponse. Anali atakalamba, ndipo nthenda ya m'mimba yotaya mwazi inamfoketsa ndithu. Pooloka mitsinje anthu ake anamsenza pamapewa, madzi alikufika m'khosi mwao. Pamene sanathenso kuyenda kapena kukwera bulu, anampangira machila, namnyamula. Potsiriza anafika pamudzi wa mfumu Chitambo, m'dera la Ilala, limene lero lili m'dziko la Zambia, nammangira kanyumba ka udzu. M'menemo anampeza atafa mbandakucha wa pa 1 Meyi 1873, ali chogwada pambali pa kama wake.

Tsono lingalirani, ana inu, m'mene zinthu zinalili m'mawa umenewo. Mwini ulendo wafa, ndipo palibe mbale wake kapena munthu wa mtundu wake amene alikuona. Kugombe la nyanja yamchere nkutali, mamailosi oposa 1,000, ndiwo makilomita oposa 1,600, ndipo njira yake ndi ya miyendo yokha. M'misasa muli mitumba ya nsalu, mikanda ndi mfuti, ndicho chuma chambiri masiku amenewo. Akadafuna, akadamuika m'manda tsiku lomwelo, nagawana katunduyo, namwazikana yense njira yake, ndani akadawafunsa? Ndiponso anadziwa kuti anthu a m'maiko amene akapitemo aopa mtembo wa mlendo, ndi kuti mafumu akhoza kuwalipiritsa kapena kuwathira nkhondo chifukwa cha iwo. Kunena monga mwa mwambi uja, ntchito ya nkhwangwa inali itatha, ndipo nthawi yoiponya pansi inali itakwana.

Koma anthuwo anasonkhana, nasankha Susi ndi Chuma kuti akhale atsogoleri ao, napangana chinthu chimodzi, ndicho kunyamula mtembowo kufikira kunyanja, kuti ukaikidwe kwao pakati pa abale ake. Choyamba anatsegula mabokosi ake pamaso pa onse, nawerenga kanthu kalikonse, ndipo Jacob Wainwright analemba zonse, kuti pasatayike ngakhale kapepala kamodzi. Poyamba anaopa kuuza Chitambo za imfayo. Koma mfumuyo itamva sinawalipiritse, koma inadza ndi anthu ake kudzakhuza maliro.

Nanga mtembo akadausunga bwanji m'dziko lotentha? Pakati pao panali munthu dzina lake Farijala, amene anagwirapo ntchito kwa dotolo ku Zanzibar. Iyeyu anachotsa mtima ndi zam'kati, ndipo anaziika m'chitini, nazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, umene ife timautcha muula. Jacob Wainwright anawerenga mau a maliro, nalemba dzina la Livingstone pa mtengowo ndi mpeni. Thupi analithira mchere, naliyanika padzuwa masiku 14, alikulilonda usana ndi usiku kuopa afisi. Litauma analikulunga m'nsalu, nalilonga m'khungwa la mtengo, nalisokera m'chinsalu cholimba, nalimangirira kumtengo wautali kuti anthu awiri azilisenza.

Ulendo wa kunyanja

Atangonyamuka, nthenda inagwa pakati pao, kotero kuti anakhala pamalo amodzi pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo ena anafa. Otsalawo atapezako bwino ananyamulanso katundu wao, naoloka mtsinje waukulu wa Luapula, nazungulira nyanja ya Bangweulu, naloza kumpoto ndi kum'mawa. Midzi ina inawalandira, ina inawatsekera mipata, ndipo pena panabuka nkhondo. Paulendowo panali akazinso, monga Halima, amene anali kuphikira Livingstone, ndi Ntaoeka. Iwonso anayenda njira yonseyo ndi miyendo yao, ndipo asungwana inu musaiwale maina ao.

Mwezi wa Okutobala 1873 anafika ku Unyanyembe, pafupi ndi Tabora m'dziko la Tanzania. Kumeneko anakomana ndi Verney Cameron, msilikali wa pamadzi wa ku Britain, amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone osadziwa kuti anafa kale. Cameron ataona kutopa kwao ndi kuopsa kwa njira yotsala, anawalangiza kuti auike mtembowo pomwepo. Koma Susi ndi Chuma ndi anzao anakana, napitirira nao.

Patsogolo anafika m'dziko limene anthu ake sanalole kuti mtembo upite m'minda mwao. Pamenepo anachita nzeru. Anachotsa thupi m'khungwa muja mobisa, nalimanga monga mtumba wa nsalu za malonda, naliika pakati pa mitumba ina. Ndipo anapanga mtolo wina wa mapesi a mapira wofanana ndi mtembo, natuma anthu kuunyamula poyera kubwerera nao cha ku Unyanyembe, monga ngati akauika kumeneko. Usiku anthuwo anamwaza mapesiwo m'thengo, nabwerera kwa anzao. Eni dziko anakhulupirira kuti maliro achoka, nawatsegulira njira. Mwezi wa Febuluwale 1874 anafika ku Bagamoyo, pagombe loyang'anana ndi Zanzibar, itapita miyezi 9 chifere Livingstone.

Kapena muyesa kuti analandiridwa ndi ng'oma ndi nthungululu. Iyayi. Anapatsidwa malipiro a ntchito yao, nauzidwa kuti azipita. Mtembo unakwezedwa m'sitima, ndipo mwa onse aja Jacob Wainwright yekha ndiye anapita nao ku Britain. Kumeneko madotolo anauzindikira poona fupa la mkono wamanzere, limene mkango unaliphwanya m'chaka cha 1844. Pa 18 Epulo 1874 Livingstone anaikidwa m'nyumba ya Westminster Abbey mu London, m'mene agona mafumu ndi anthu omveka a dzikolo. Susi ndi Chuma panalibe pamaliropo. Mwala wa pamanda ake unena kuti manja okhulupirika ndiwo anamtenga pamtunda ndi panyanja, koma sutchula eni manjawo. Pambuyo pake, m'chaka chomwecho, James Young, bwenzi la Livingstone, analipira ulendo wao kuti afike ku Britain. Kumeneko anathandiza Horace Waller kukonza mabuku a ulendo wotsiriza wa Livingstone, namfotokozera zonse za masiku ake omaliza ndi za njira ya kunyanja. Ndipo zambiri zimene tizidziwa lero za masikuwo zinachokera pakamwa pao.

Kodi anapusa?

Tsopano tibwerere kwa aja amati kukonda ndi mtima wonse nkupusa, timve mau ao.

Wina adzati, "Anthu amenewa sanachite ichi chifukwa cha chikondi. Anaopa kuti akafika kugombe opanda mtembo adzawanenera kuti anamupha, kapena anayembekeza mphotho yaikulu." Mau awa tisawataye msanga, pakuti mumtima wa munthu mukhala zinthu zambiri pamodzi, ndipo nkutheka kuti mantha analipo pa tsiku loyamba lija. Koma kumbukirani za ku Unyanyembe. Kumeneko munthu wotumidwa kuchokera kwao kwa Livingstone anaona mtembo, naona mabuku, nawauza yekha kuti auike. Akadamvera, mlandu sukadawagwera, pakuti mboni inalipo, ndipo malipiro ao sakadachepa. Mantha anathera pomwepo, ndipo katundu akadatsika pamapewa pao tsiku lomwelo. Nanga chinawanyamulitsa nchiyani miyezi ina inayi? Ife tidziwa mwambo wa kwathu, kuti munthu akafera kutali, abale ake sapeza mtendere kufikira atamtengera kumudzi, kuti akagone pakati pa makolo ake. Ichi timachitira mbale. Susi ndi Chuma anachitira mlendo wa mtundu wina chimene munthu achitira atate wake womubala. Ntchito ya ganyu ithera pamene mwini munda wanena kuti kwatha. Koma iwo anauzidwa kuti kwatha, napitirirabe.

Wina adzati, "Chabwino, anamkonda; koma anapindulanji? Ena anafera panjira, ndipo otsalawo sanayamikidwe monga kunayenera." Izi nzoona, ndipo amene anawabweza pagombe paja osawalemekeza sanachite bwino. Koma funso lakuti "anapindulanji" ndi funso la pamsika. Munthu wopereka nkhuku kuti alandire mchere sitimuti wakonda, timuti wagula. Ngati chikondi chathu chiyembekeza kuyamikidwa, ndiye kuti tilikugulitsa, ndipo tsiku limene mtengo udzatsika tidzatseka malonda. Wakufa sayamika, sabwezera, sadziwa ngakhale amene alikumsenza. Chifukwa chake chimene munthu achitira wakufa, kapena wina aliyense wosakhoza kubwezera, chionetsa mtima wake wopanda chophimba.

Komabe tisanene kuti ntchito yao inapita pachabe. Chifukwa cha iwo mabuku ndi mapu a Livingstone sanaole m'madambo a Bangweulu. Maliro aja a mu London anagwedeza mitima ya anthu a ku Scotland, ndipo m'chaka cha 1875 anatumiza ku nyanja yathu sitima imene anaitcha Ilala, dzina la dera lija anaferako. Sitima inanso imene inayamba kuyenda panyanjapo m'chaka cha 1951 inalandira dzina lomwelo. M'chaka cha 1876 kunayambika Blantyre, wotchedwa dzina la mudzi umene Livingstone anabadwirako. Susi ndi Chuma sanazione izi patsogolo pao pamene anali kusenza mtengo uja pamapewa. Sanakonde chifukwa cha zipatsozo. Zipatso zinadza zokha m'mbuyo mwao.

Winanso adzati, "Wokonda ndi mtima wonse atseka maso, ndipo anthu ochenjera adzamdyera." Apa pafunika kumvetsa bwino, pakuti kukonda ndi mtima wonse sikutanthauza kutaya nzeru. Taonani nzeru za anthu aja: anawerenga katundu pamaso pa mboni, anadziwa ntchito ya mchere ndi dzuwa, anapeza njira yopitira pamene njira inatsekedwa. Mtima wao wonse unali pa ntchitoyo, ndipo chifukwa chake nzeru zao zonse zinali pomwepo. Ndiponso sanali anthu ongovomera zilizonse, pakuti anakana uphungu wa Cameron, munthu waulamuliro, pamene anaona kuti suyenera. Ngakhale Livingstone yemwe sanamkonde chifukwa chosadziwa zilema zake. Anayenda naye zaka zambiri, namuona atakwiya, namuona alikuumirira njira imene inawadzetsera njala ndi matenda. Anamdziwa bwino koposa anthu onse amene anamtamanda ku Britain, ndipo anamkonda ali maso.

Momwemonso inu, munthu akadzati kwa inu, "Ngati undikonda, kandibere chakuti," kapena, "Ngati undikonda, usauze amai ako zimene ndikuchitira," mudziwe kuti ameneyo safuna chikondi chanu, koma afuna kukusandutsani nkhwangwa yake. Mumkane, ndipo mukauze akulu. Wokonda mnzake ndi mtima wonse amfunira zabwino zokhazokha, ndipo nthawi zina zabwinozo ndizo kumkaniza ndi kumdzudzula.

Chimodzi chokha sindidzakubisirani: chikondi chotere chiwawa. Wokonda ndi theka la mtima akatayidwa amva theka la ululu, ndipo chifukwa chake ambiri asankha njira imeneyo, nayesa kuti achenjera. Koma afanana ndi mlimi amene aopa mbalame ndi chilala, nabzala theka la mbeu zake, theka nalisiya m'nkhokwe. Chaka choipa ataya pang'ono, inde. Koma palibe chaka chimene adzakolola munda wathunthu, ndipo mbeu zotsala m'nkhokwe zija adzadya ndi anankafumbwe. Munthu wotere akhoza kukalamba osapwetekedwa kwambiri, koma adzakalamba wopanda bwenzi lenileni, pakuti anthu azindikira msanga mtima woyeza ndi muyeso, nabwezera ndi muyeso womwewo.

M'mudzi mwathu

Kapena palibe mmodzi wa inu amene adzaitanidwa kusenza mtembo miyezi 9. Koma musayese kuti nkhani iyi ndi ya anthu akale okha, pakuti m'mudzi uliwonse muli anthu amene ntchito yao yatha monga nkhwangwa ija, ndipo ali pafupi kuponyedwa pansi.

Alipo agogo amene anakuberekani kumsana pamene amai anu anali kumunda, nakusungirani mbatata yootcha, nakuimbirani nthano madzulo. Lero maso ao achita khungu, khasu lawakanika, ndipo abwereza nkhani imodzimodzi katatu. Sadzakupatsaninso kanthu. Kodi mtsuko wao uli ndi madzi? Kodi pakhomo pao pali nkhuni? Kodi alipo amene akhala nao pansi kuwamvera, osafulumira kuthawira kumasewera? Alipo mwana wamasiye amene akhala m'nyumba mwanu, amene ayamba ntchito ena asanadzuke, nafika pambale ena atatha. Alibe atate amene adzakuyamikani mukamchitira zabwino, ndipo alibe amai amene adzakukalipirani mukammana. Alipo mnzanu amene wadwala nthawi yaitali. Sabata loyamba anthu anadzaza pakhomo kudzamzonda. Mwezi wachitatu njira ya kunyumba kwake yamera udzu. Amene adzapondabe njira imeneyo ndiye bwenzi lake. Aliponso mnzanu amene analephera mayeso, natsalira pamene inu munakwera. Kodi mukhalabe naye monga kale, kapena mwamponya pansi pakuti mwafika pamwamba?

Pofuna kuyesa mtima wanu, musadzifunse ngati mumkonda munthu pa tsiku la phwando, pakuti tsiku limenelo aliyense akonda. Mudzifunse pa tsiku limene mwatopa, ndipo palibe wokuonani, ndipo wina wakuuzani kuti, "Wachita zokwanira, leka tsopano, palibe adzakudzudzula." Tsiku limenelo ndilo Unyanyembe wanu. Mukaleka, mwina simudzalakwira lamulo lililonse; koma mukapitirira, mudzadziwa chimene Susi ndi Chuma anachidziwa. Ndipo ngati munalekapo kale, monga iwonso analeka pa nyanja ya Mweru, musataye mtima. Bwererani kwa mnzanuyo, mupepese, muyambenso.

Chuma anakhala mtsogoleri womveka wa maulendo, natsogolera ulendo wa Joseph Thomson wa kunyanja za Malawi ndi Tanganyika m'zaka za 1879 ndi 1880. Anamwalira ku Zanzibar m'chaka cha 1882, akali mnyamata ndithu. Susi anabatizidwa m'chaka cha 1886, natenga dzina lakuti David, ndilo dzina la munthu uja anamsenza. Anamwalira m'chaka cha 1891.  Musa wa ku Johanna akumbukika chifukwa cha bodza lake lokha, koma awiriwa akumbukika chifukwa anakonda munthu kufikira pamene sanathenso kuwapatsa kanthu, napitirira pamenepo. Inunso, ana inu, amene mwakwera naye mumtengo, mutsike naye.

Mafunso

1. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera."
2. Kodi Musa ndi anzake anachitanji atafika kumwera kwa Nyanja ya Malawi?
3. Tchulani zimene Susi ndi Chuma ndi anzao anachita pamudzi wa Chitambo asananyamuke.
4. Chifukwa ninji zimene zinachitika ku Unyanyembe zitionetsa mtima wao koposa zina zonse?
5. Kodi kukonda ndi mtima wonse kusiyana bwanji ndi kuvomera zilizonse zimene mnzako anena?
6. Ndani m'mudzi mwanu amene sakhoza kukubwezerani kanthu? Mudzamchitiranji sabata lino?